Mlendo Ayambe Kudya

Nditabwerera kwathu ku Mulanje, ndinapeza mwana wanga woyamba atandiposa msinkhu, wamng'onoyo akundipatsa moni ngati ndine mphunzitsi wake. Mkulu wanga, amene ndinamusiyira anawo, anali atayamba imvi. Onse ankafuna kumva za nyumba zazitali za ku Dubai, ndipo ndinkawauza, chifukwa nyumbazo zilipodi. Koma ndikakhala ndekha sindikumbukira nyumba. Ndimakumbukira mayi wina wa ku Zambia amene tinkamuitana kuti amake Dalitso.

Ndinapita kunjako ndili kale mayi, osati mtsikana wofuna kuona dziko. Kwathu ndinkagwira ntchito pachipatala, yosambitsa odwala, kuwatembenuza ndi kuwasinthira zofunda. Nditamva kuti kuli kampani yofuna anthu osamalira okalamba m'makomo mwawo, ndinati ntchito imeneyo ndi yanga kale. Pabwalo la ndege ndinalimba mtima pamaso pa ana. Ndinakalirira m'chimbudzi cha mundege, mpaka wina anagogoda.

Kampani yake inali yaing'ono. Mwini wake anali namwino wachikulire wa ku India, ndipo aliyense wa ife ankamudziwa ndi dzina, ngakhale mayina a ana athu. Ankatigoneka m'fulati ina ku Al Barsha, akazi asanu ndi mmodzi m'chipinda, pamabedi osanjikizana. Ine anandipatsa lapamwamba. Pansi panga pankagona amake Dalitso, mayi wamfupi, wojintcha, wa maondo ovuta, wobadwira ku Katete koma wokhalitsa ku Lusaka. Akaseka, bedi langa linkagwedezeka.

Tsiku loyamba ndinawagwadira powapatsa moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe ndiwe wa ku Malawi, sininafunse na kufunsa," anatero. "Ulemu wanu uja uzakupha kuno. Yalla, nyamuka, maondo uzawafuna pa nchito."

Kampaniyo inali ndi mwambo wake. Munthu watsopano sankatumizidwa yekha kwa wodwala. Wakale ankakutenga, n'kukakuonetsa pakhomopo, ndipo munkagwira limodzi masiku angapo mpaka wodwalayo azolowere nkhope yako. Motero ndi mmene amake Dalitso ananditengera ku Al Garhoud, kwa mayi wina wamasiye wachiarabu amene tonse tinkangowatchula kuti Mama. Anali ndi matenda oiwala. Mwana wawo wamwamuna ankakhala nawo nyumba imodzi, koma ntchito yake inali ya maulendo, ndipo akabwera mayi akewo nthawi zina ankamufunsa kuti akufuna ndani.

Tinawasambitsa, tinawadzoza mafuta, tinawaveka. Itakwana nthawi ya nkhomaliro, wantchito wa m'nyumbamo anabweretsa mpunga ndi supu pathireyi. Ine ndinatenga supuni n'kuimirira pambali pa mpando, mmene tinkachitira kuchipatala. Mama anatseka pakamwa kuti ngwi. Anakankhira mbale ija kwa ine, n'kunena mawu amodzi: "Tfaddali."

"Akuti yambani ndinu," amake Dalitso anandiuza. "Manje iwe ukaimilira monga wapolisi, uganiza azadya? Nkhala pansi. Uyu mayi anaiwala vonse, dzina ya mwamuna wake, dzina ya mwana wake. Chimodzi chabe sanaiwale: mulendo ndiye ayamba kudya. Ife tikabwela kuno sindife anchito, ndife alendo ake."

Anatulutsa supuni yachiwiri m'kabati, anakhala pansi moyang'anana ndi Mama, anatapa mpunga pang'ono n'kudya. Anatafuna mokokomeza, akugwedeza mutu ngati sanalaweko chakudya chotero chibadwire. "Shukran, Mama!" anathokoza m'Chiarabu. Nkhope ya mayi uja inawala. Anatenga supuni yawo n'kuyamba kudya okha, pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa ngati mlendo wawo akudyadi. Amake Dalitso akasiya, nawonso ankasiya. Mbale inatha.

Ndinachita manyazi, chifukwa zimenezi ndinkazidziwa kale. Kwathu wodwala sadya yekha. Umakhala naye pamphasa, n'kumatapako kuti naye alakelake. Koma ndinkaganiza kuti nzeru zoterozo ndinazisiya pabwalo la ndege pamodzi ndi chitenje chakale. Mwini kampani ankadziwa za supuni yachiwiriyo ndipo ankangoti, bola Mama akudya.

Zaka zimenezo zinali zabwino, ngakhale ntchito inali yothyola msana. Kutentha kwake kunkakuwamba ukangotuluka m'sitima ya Metro. Odwala ena ankatukwana, wina anandilavulira kumaso. Koma ndalama zinkapita kwathu mwezi uliwonse, ana anali pasukulu, ndipo mkulu wanga anafolera nyumba ndi malata. Tsiku lopuma tinkaphika limodzi, a ku Philippines, a ku Uganda ndi ife, aliyense akunyoza ndiwo za mnzake uku akuwonjezera kachiwiri. Amake Dalitso ndiwo anali dokotala wathu, loya wathu ndi m'busa wathu. Wina akalandira uthenga wa maliro, ndiwo ankamugwira dzanja n'kupita naye kwa mwini kampani kukapempha tchuthi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina tinaitanidwa tonse ku ofesi ina yayikulu ku Silicon Oasis, kumene tinali tisanapondeko. Kunali keke ndi majuwisi. Bambo wina wovala suti anatiuza kuti kampani yathu yagulidwa ndi gulu lalikulu lokhala ndi makampani ambiri, ndipo tsopano tili m'banja lalikulu. Anabwereza katatu kuti palibe chimene chisinthe. Mwini kampani wakale anali chikhalire pakona, akupukuta magalasi ake osaleka. Amake Dalitso anandinong'oneza kuti, "Munthu akakuuza katatu kuti galu wake saluma, tenga mwala."

Anatipatsa yunifolomu yatsopano ndi foni aliyense. M'fonimo munali apu yotiuza kopita, nthawi yolowa ndi nthawi yotuluka. Ntchito iliyonse inali ndi kabokosi kake kochonga. Ukamaliza m'nthawi yake, dzina lako linkaoneka lobiriwira. Ukachedwa, linkafiira. Mwambo woperekezana kwa odwala unatha, akuti zonse zofunika kudziwa zili m'foni. Anayambanso kutisinthasintha makomo, lero kuno, mawa uko, kuti wodwala asazolowere munthu mmodzi.

Kenako anthu anayamba kuchotsedwa. Sankachotsa onse pamodzi, ankangothothola mmodzimmodzi. Ukaweruka, umapeza bedi la mnzako lili matiresi okhaokha. Kuphika limodzi kunatha popanda wonena kuti kuthe. Aliyense ankadyera pabedi pake, maso ali pafoni, akuona ngati dzina lake lafiira. Tinayamba kubisirana nkhani, ife amene tinkabwerekana ngakhale sopo. Ine mantha anandilowa m'mafupa, chifukwa kumeneko ntchito ikatha, viza nayo imatsatira.

Pa malamulo atsopano panali limodzi lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: wantchito asalandire kanthu kalikonse m'nyumba ya wodwala, kaya mphatso, kaya chakudya. Wopezeka atatero, ntchito yatha. Sindinganene kuti linali lamulo lopusa. Ankati m'makampani ena antchito ankadya chakudya cha odwala, eni ake n'kumagona ndi njala. Kungoti amene analemba lamulolo anali asanamuonepo Mama.

Ku Al Garhoud anatigawira masiku, ena ine, ena amake Dalitso. Tsiku langa loyamba pansi pa lamulo latsopanolo, ndinayang'ana kamera imene mwana wa Mama anaika pakona ya chipinda chodyera, ndipo supuni yachiwiri sindinaitulutse. Ndinakhala pansi, ndinamwetulira, ndinayerekeza kutafuna pakamwa popanda kanthu. Mama anali woiwala koma sanali wopusa. Anakankhira mbale kwa ine. "Tfaddali." Ndinapukusa mutu n'kusisita pamimba kuti ndakhuta. Anapinda manja n'kuyang'ana kuzenera. Nthawi itatha, ndinalemba m'foni kuti wodwala wakana chakudya, ndipo ndinatuluka dzina langa lili lobiriwira.

Ndinatero masabata angapo. Chimene ndinkalembacho sichinali bodza, koma mtima wanga unkadziwa kuti si chilungamo chonse. Pamasiku anga Mama ankangomwa tiyi. Zibangili zawo, zimene kale zinkagwira pamkono, zinayamba kutsetserekera mpaka kuchigongono ndikawakweza dzanja powasambitsa. Amake Dalitso anandifunsa kamodzi kokha, tikuyanika zovala.

"Adya kwa iwe?"

"Akumakana, anti."

"Iwe udya?"

Ndinangowerama n'kumafinya yunifolomu youma kale. Sanandikalipire. Anangoti, "Uli na bana bang'ono, nimvela." Iwo masiku awo ankadya ndi Mama monga kale, kamera ikuona, ndipo popeza Mama ankadya mochedwa, dzina lawo linkafiira tsiku ndi tsiku.

Amene anazindikira anali supavaiza watsopano, mayi wina wooneka wotopa nthawi zonse, wonyamula mafoni awiri. Anandiitana ku ofesi, n'kunditembenuzira kompyuta. Masiku a amake Dalitso, wodwala wadya. Masiku anga, wakana. Anandifunsa kuti vuto langa n'chiyani, ndipo anawonjezera kuti mwina ntchitoyi sindikuitha. Ndinaona ana anga akubwezedwa kusukulu. Pakamwa panga panayankhula ndisanaganize.

"Si kuti sindikuitha, madamu. Mayi aja sadya pokhapokha wina adye nawo. Ine ndikutsata lamulo."

Supavaiza uja anayang'ananso pakompyuta. "Ndiye mnzakoyo amadya nawo?"

Ndinayang'ana pansi, ndipo iye anamvetsa zonse. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wanga unanditsata mpaka ku Al Barsha. Supavaiza anapempha zithunzi za pakamera kwa mwana wa Mama, ndipo pasanathe sabata amake Dalitso anaitanidwa. Ndinamva kwa mnzathu wa ku Uganda amene anali pomwepo kuti anawapatsa mpata. Akanangonena kuti analakwitsa kamodzi ndipo sadzabwerezanso, akanawalembera chenjezo basi. Iwo anati, "Ninadya, inde, ndipo mailo nikapita nizadya futi. Sininabe. Ninapasiwa na mwine wa nyumba." Anawapatsa kalata, ndi masiku ochepa oti alongedze.

Masiku awiri ndinkawazemba, ine wogona pamwamba pawo. Lamlungu m'mawa tikupita kutchalitchi, tinakhala moyandikana mu Metro, ndipo sindinathenso kupirira.

"Anti, ndine ndinanena."

"Niziba."

"Mundikhululukire. Ndinachita mantha."

"Ninakalipa, sinizakunamiza," anatero. "Tsiku ija ninafuna kukuchosa pa bedi na mwendo. Koma unakamba boza? Sunakambe boza. Manje leka kulila mu sitima ya bene, bazaganiza nakumenya. Nkhani ni iyi: ine nikayenda, uja mayi azadya na ndani?"

Funso limenelo ine ndinali ndisanadzifunse. Ndinkangoganiza za ntchito yawo ndi tchimo langa.

Kuyambira Lolemba, amake Dalitso ankadzuka, kuvala diresi lawo la kutchalitchi, n'kukwera basi kupita ku Silicon Oasis. Ankakhala pampando wa pamalo olandirira alendo kuyambira m'mawa mpaka ofesi itatsekedwa, chikwama chili pamiyendo. Kufulati anthu ankanong'onezana kuti akukapempha ntchito, ena ankawamvera chisoni, ena ankati akudzinyozetsa. Inenso ndinkaganiza chomwecho, mpaka tsiku langa lopuma pamene anandiuza kuti ndiwaperekeze.

Supavaiza atatuluka n'kutiona, anapumira m'mwamba. Anati wanena kale kuti za ntchitoyo zinagamulidwa ndi akuluakulu amene ngakhale iye sanawaonepo, ndipo sangazisinthe.

"Madamu, nchito yanga khalas, inatha, sininabwelele iyo," amake Dalitso anatero. "Nifuna chabe mzere umodzi mu foni. Mulembe kuti wosamalira adye pamodzi na Mama. Mukalemba, uyu mwana azadya osayopa. Mukapanda kulemba, muzachosa uyu, muzachosa na wina, olo muzaika malilo."

Supavaiza anati zolembedwa m'dongosolo la wodwala sasintha iye, amasintha dokotala wa kampani, ndipo dokotalayo amafuna chilolezo cha abale. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Amake Dalitso anangofunsa kuti dokotalayo amabwera tsiku liti. Anali atamuimbira kale mwini kampani wakale uja, amene anawathandiza kupeza mwana wa Mama ali kunja. Mwanayo anali asakudziwa n'komwe kuti zithunzi zimene anapereka zachotsetsa munthu ntchito. Iye ankaganiza kuti a kampani akungofuna kuona mmene mayi ake akudyera.

Mwanayo atapereka chilolezo, dokotala anavomera kupita ku Al Garhoud tsiku langa la ntchito. Amake Dalitso sankaloledwanso kulowa m'nyumbamo, ndiye anaima panja pa geti, padzuwa lija, ataphimba mutu ndi kansalu. Dokotala anawakweza Mama pasikelo, n'kuyang'ana zolemba zakale, ndipo nkhope yake inasintha. Chakudya chitabwera, anayesa yekha kuwadyetsa. Mama anamukankhira mbale. "Tfaddali." Dokotala anandiyang'ana, n'kundiuza kuti ndimuonetse zimene mnzanga ankachita.

Ndinatsegula kabati n'kutulutsa supuni yachiwiri. Ndinakhala pansi, ndinatapa mpunga, ndinadya pamaso pa dokotala ndi kamera yomwe. "Shukran, Mama." Mayi uja anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kutsimikiza kuti mlendo wamwano uja wasinthadi. Kenako anatenga supuni yawo. Dokotala anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba.

Nditatuluka ndinapeza amake Dalitso atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu. Ndinawauza kuti Mama adya theka la mbale. Anawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti tsopano ndiwagulire madzi ozizira asanagwe pageti la eni ake.

Mwana wa Mama analembera kampani kupempha kuti amake Dalitso abwezedwe pantchito. Anamuyankha mwaulemu kuti nkhaniyo inatsekedwa, popeza pa nthawi imene ankadyayo lamulo linali lisanasinthe. Amake Dalitso ananyamuka ndi masutukesi awiri, atatigawira mapoto awo ndi mafuta opaka m'maondo. Pokwera galimoto anandikoka khutu ngati mwana. "Uzitafuna mokondwela, iwe. Nkhope yako ija ya pa malilo ingamuletseko munthu kudya."

Patapita masiku awiri, m'foni mwanga munaoneka kabokosi katsopano pansi pa dzina la Mama: wosamalira adye limodzi ndi wodwala. Anawonjezeranso mphindi za nthawi ya nkhomaliro. Ndinakachonga tsiku limenelo, ndipo dzina langa linabiriwira. Chinthu chomwecho chimene chinachotsetsa mnzanga ntchito, ine ndinkayamikiridwa nacho tsiku lililonse. Zimenezi zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Koma kufulati kunasintha kanthu kena. Anthu atamva chimene amake Dalitso ankakhalira pampando uja, anayamba kuyankhula. Wa ku Uganda uja anakapempha kuti wodwala wake, amene ankaopa madzi, amuwonjezere nthawi yosamba. Wina anakanena kuti bambo amene ankamusamalira sagona masana pokhapokha umuwerengere nyuzipepala. Zina ankavomera, zambiri ankakana, ndipo kuchotsa anthu sikunathe. Komabe tinayambanso kuuzana za odwala athu, amene akupita mawa akumva kwa amene wapita lero, ngakhale foni sinkatilamula kutero.

Ndinadya ndi Mama nthawi yaitali ndithu. Zibangili zinabwerera pamalo pake. Dzina langa sanalidziwepo, ndipo tsiku lililonse ndinkakhala mlendo watsopano wofunika kumulandira bwino. Amake Dalitso anakatsegula kagolosale ku Katete. Tinkatumizirana mauthenga a mawu, iwo akudandaula za maondo ndi za Dalitso amene sankafuna kukwatira.

Mama anamwalira masana ena, ali pampando wawo, ine ndikutsuka mbale kukhitchini. Mwambo wa kumeneko sachedwetsa maliro, ndipo pofika mawa lake anali ataikidwa. Nditaweruka ndinaimba foni ku Katete. Ndinamva phokoso la anthu ogula, kenako amake Dalitso akuuza wina kuti adikire.

"Anti, Mama atisiya."



"Anayenda na njala?"

"Ayi, anti. Tinali titangomaliza kudya. Anamaliza mbale yonse."

Ndinawamva akupuma mwamphamvu, kenako akumina.

"Basi," anatero. "Nchito tinaisebenza."